Fainolo Imene Inagundana ndi Usipa

Kwathu kugombe, kumpoto pang'ono kwa boma la Nkhotakota, sitidikira wailesi kuti itiuze zoti chisankho chayandikira. Timaonera zikho. Chaka cha chisankho munthu aliyense wofuna mpando wa uphungu, amene ife timangowatcha ashado, amadzuka m'mawa atagwidwa ndi chikondi cha mpira, ngakhale amene sanapondepo pabwalo chibadwire. Amagula chikho chonyezimira, kuchimangirira kansalu ka mtundu wa chipani, n'kulengeza kuti wabwera kudzatukula achinyamata. Zaka zina zonsezo achinyamatawo amakhala akudzitukula okha ndi mpira wazigamba.

Ine mpira sindinasewerepo. Ntchito yanga ndi kugula usipa m'mawa, kuyanika pathandala, n'kukagulitsa kumsika. Koma ndinapondana ndi goloboyi, ndiye mpirawo unandilowa ngati utsi wochokera kukhitchini ya eni ake. Achimwene anga anaima pagolo la timu ya pamudzi pathu kuyambira ndevu zisanamere mpaka zinayamba kutuwa. Anzawo amene anayamba nawo anali atasiya kalekale, ena mimba zitakula, ena akazi atachuluka. Iwo anali pompo, mawondo atakulunga nsanza. Chinkawasunga pagolopo chinali chinthu chimodzi chokha: anali asananyamulepo chikho, ngakhale kamodzi. Mbuzi anawinapo, nkhuku anawinapo, koma ankati zimenezo munthu umadya n'kuiwala. Ankafuna kukweza chikho m'mwamba anthu akuona, kenako apume.

Vuto la timu yathu linali lakuti osewera pafupifupi onse anali asodzi a usipa. Usipa umagwidwa usiku wamdima. Munthu mmodzi amakhala m'kabwato ndi nyali zowala kwambiri, nsomba zimasonkhana pa kuwalako, ndipo iye akaona kuti zakwana amauza anzake kuti aponye chilimira, ukonde waukulu uja. Munthu wa nyaliyo timamutcha siginala, ndipo ndiye mutu wa ulendo wonse. Achimwene anali siginala, wodziwika ndithu, ndipo banja lawo linkadya chifukwa cha malo amenewo.

Tsono mwezi ukakhala wowala usipa subwera ku nyali. Maboti amagona pamchenga, asodzi nawo amagona tulo ngati anthu ena onse. Masiku amenewo timu yathu inkakhala chilombo, wobwera aliyense ankabwerera atasenza zigoli. Mdima ukabwerera, anyamata omwewo ankafika pabwalo maso ali psuu, atachezera panyanja, akuyasamula mpira ukudutsa pakati pa miyendo. Ndinaonapo ndi maso anga wotseka kumbuyo akusinza chiimirire podikira kona. Matimu a kumtunda anazindikira kuti timawina motsata mwezi, ndiye anafalitsa mbiri yoti tili ndi mankhwala oopsa omangidwa kumwezi. Ankabwera ndi asing'anga awo, kuwaza mchere pagolo, ena kulowa m'bwalo chafutambuyo. Ife tinkangowasiya avutike. Mankhwala athu anali tulo basi.

Chaka chimene ndikunenachi kunabwera ashado ena ochokera kutauni, mwana wa konkuno koma amene tinkangomva mbiri yake. Anafika ndi galimoto lalikulu ndi chikho chotalika ngati mtondo. Mulungu si munthu, masewero athu akuluakulu onse anagwera pa mwezi wowala kapena pa mwera, mphepo yoletsa maboti kulowa m'madzi. Ine mwera umandipha, chifukwa kopanda usipa ndilibe chogulitsa, koma chaka chimenecho ndinkaupempherera ndili ndi njala yomweyo. Tinagwetsa timu ya ku Mwadzama, tinagwetsa ya aphunzitsi, tinagwetsa ya anyamata a kabaza, mpaka tinapezeka tili mu fainolo. Otsutsana nafe anali timu ya odula nzimbe ya ku Dwangwa, amuna a misana ngati zitseko, olankhula zinenero za maboma onse. Achimwene tsiku limenelo anabwera kunyumba akuyenda ngati mkwati.

Fainolo inaikidwa Loweruka lina mwezi uli wathunthu. Tinkati chikho chalowa kale m'mudzi. Kutatsala pang'ono tinamva kuti yasunthidwa, ashado aitanidwa kulikulu ndi akuluakulu a chipani. Ena anafunsa ngati mpira sungaseweredwe iwo kulibe, popeza sasewera nawo. Akomiti anadabwa nalo funsolo. Anati chikho chingaperekedwe bwanji popanda chithunzi cha mwini wake? Tsiku lachiwiri linasunthidwanso, akuti zitenje zogawira amayi ovina zinali zisanafike. Tsiku lachitatu ndiye linakhazikika, ndipo aliyense wa kugombe atalimva anangoyang'ana kumwamba. Linagwera pakati penipeni pa mdima.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, sabata yomweyo usipa unabwera. Unali utasowa nthawi yaitali, anthu atafika pogulitsa ziwiya, ndiye unabwera wambiri wosaoneka n'kale. Mwini chilimira chimene achimwene ankagwirako ntchito ndi yemwenso anali kholo la timu, ndiye anagula yunifolomu, ndipo pamasewero ankakuwa kuposa tonse. Koma usipa ndi usipa. Anasonkhanitsa anyamata n'kuwauza mosapsatira kuti mpira aukonda, koma boti lidzanyamuka dzuwa likapendeka monga mwa masiku onse, ndipo amene sadzapezekamo asadzavutike n'kubweranso. Eni maboti ena ananena zomwezo. Tonse tinkadziwanso kuti mlamu wake wa mwini chilimirayo anali atakhalitsa akumezera mate nyali za achimwene.

Alamu anga, akazi awo a achimwene, anabwera kuthandala kwanga akulira kuti ndikalankhule nawo, poti ine pakamwa panga sipachita manyazi. Ndinapita. Ndinawakumbutsa kuti mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ana awo sadzadya chikho. Iwo anaseka, nati ndisade nkhawa ndi zinthu zopanda pake. Mpira unalengezedwa kuti uyamba masana dzuwa likadali pamutu, udzatha nthawi ilipo, adzanyamula chikho, kusamba, n'kukakwera boti. Ankalankhula ngati munthu amene sanaonepo msonkhano wa ndale.

Tsikulo bwalo la pasukulu linadzaza kusanafike masana. Anthu anakwera m'mitengo ya mango, a Dwangwa anabwera pamalole akuimba, amayi a zitenje zatsopano anavina mpaka fumbi linatilowa m'mano. Matimu onse awiri anathamangathamanga kutenthetsa thupi, anakhala pansi, anadzukanso, anakhalanso. Chikho chinali patebulo, mpando waukulu pambali pake uli wopanda munthu. Wolengeza pachimkuzamawu ankatiuza kawirikawiri kuti olemekezeka ali panjira, afika posachedwapa. Njira imeneyo kaya inkadzera ku Mozambiki.

Atafika dzuwa linali litayamba kale kutsetsereka. Ndinati basi, wezulo ilire. Ayi ndithu. Kunayamba pemphero la abusa, kenako la ashehe kuti pasakhale wodandaula. Analankhula wapampando wa komiti ya mpira, wapampando wa chipani, wa amayi, wa achinyamata amene anali ndi zidzukulu, ndipo aliyense ankayamba ndi kunena kuti iye alibe mawu ambiri. Ashado atagwira chimkuzamawu anayambira pa mlatho, anadzera pa feteleza, anakhudza chipatala, anafika mpaka pa malemu amayi awo amene ankawaphikira mbatata. Za mpira anazikumbukira kumapeto. Kenako anatsikira m'bwalo kukapereka moni kwa wosewera aliyense, ndipo anamenya mpira woyamba nsapato n'kuuluka kupitirira mpirawo. Wojambula anati sanajambule bwino, ndiye anabwereza. Nthawi yonseyi anyamata athu sankayang'ana ashado, ankayang'ana dzuwa.

Chigawo choyamba chinali cha moto. Anyamata athu anasewera mothamanga ngati anthu amene asiya mphika pamoto, akufuna kugoletsa msanga kuti nkhani ithe. Anamenya chitsulo, anaphonya pagolo popanda munthu, koma mpira unakana kulowa. A Dwangwa nawo anabwera kangapo, achimwene n'kuwabweza. Woyimbira analiza wezulo yopumulira palibe wagoletsa.

Anyamata atangokhala pansi kuti amwe madzi, kugombe kunalira injini. Inalira imodzi, ina n'kuyankha, kenako zonse. Kwa anthu a kumtunda linali phokoso wamba, koma kumbali kwathu tonse tinatembenukira kunyanja. Woyamba kudzuka anali wogoletsa zigoli wathu. Anavula jezi, kuipinda bwinobwino, kuiika pa udzu, n'kuyamba kuthamanga kulowera kunyanja. Wachiwiri anatsatira, wachitatu sanavule n'komwe nsapato. Mphunzitsi wa timu, amene ntchito yake yeniyeni ndi utelala, ankawagwira malaya akuwachonderera, iwo akumupepesa uku akuthawa. Osewera apabenchi nawo anali asodzi, anapita. A Dwangwa anaimirira kukamwa kuli yasa, ena mwa iwo n'kumati amenewo ndiwo mankhwala aja, akukawatenga kunyanja.

Sindingawanene anyamata amenewo. Aliyense anali ndi pakamwa pomudikira kunyumba. Otsala anali amene alibe boti: wometa, wa kabaza, awiri olima mpunga, ndi wina wogulitsa makala. Telala uja anavala jezi yekha, mimba ili patsogolo, kuti chiwerengero chikwane asanu ndi awiri, poti kuchepera apo woyimbira akanathetsa mpira. Wachisanu ndi chiwiriyo anali achimwene. Anali atakhala tsonga patsinde pa golo akumanganso nsanza za m'mawondo.

Ndinadumpha chingwe n'kuwapita pomwepo.

"Achimwene, injini ikulirayo ndi yanu."

"Ndaimva."

"Nyali zanu mwini chilimira apatsa mlamu wake. Mukudziwa kuti akazigwira sazisiyanso."

Anamaliza kumanga mfundo, osandiyang'ana. "Chemwali, nyanja idzakhalapo mawa. Fainolo sidzakhalapo."

Ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire, mawu amene sayenera kuchoka pakamwa pa mlongo. Ndinawatchulira ana awo mmodzimmodzi. Iwo anangovala magolovesi awo ong'ambika aja n'kuimirira. Woyang'anira chingwe anandikoka kunditulutsa m'bwalo ndikulalatabe.

Chimene ndinaona chigawo chachiwiri sindidzachiiwala. Anthu asanu ndi awiri, mmodzi telala wopuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, kulimbana ndi amuna khumi ndi mmodzi odula nzimbe. Mpira sunachoke kumbali kwathu. Unkabwera wapansi, wam'mwamba, wamutu, wa kona, ndipo paliponse unkapeza achimwene. Anaugwira, anaukankha ndi chibakera, anautchinga ndi bondo lodwala lomwelo, kamodzi anautchinga ndi nkhope mpaka mlomo unang'ambika. Akagwa ankachedwa kudzuka, koma ankadzuka. Masapota a Dwangwa amene ankawanena kuti agogo pitani mukalere zidzukulu anasiya kuwanena, kenako ena anayamba kuwaombera m'manja. Ine amene ndinawatukwana ndinapezeka ndikulira poyera, ndikukuwa dzina lawo mpaka mawu anatha. Ndinkawanyadira ndipo ndinali nditawakwiyira, zonse nthawi imodzi.

Wezulo yomaliza inalira palibe chigoli. Kunali kutayamba kuchita chisisira, koma golo linkaoneka, mpira unkaoneka. Woyimbira anayamba kuyeza mapazi ake pokonzekera mapenate. Kumbali kwathu tinayamba kuvina, chifukwa pa mapenate achimwene analibe mnzawo m'dera lonselo. Anapita kukaima pamzere, akupukuta magazi apamlomo ndi jezi, chikho chili potero patebulo.

Pamenepo ndinaona anthu awiri a ashado akuwanong'oneza m'makutu, wina uku wina uku. Zimene ankanena tinadzazimva pambuyo pake, koma ngakhale mwana akanatha kuziganiza. Ku Dwangwa kuli mavoti ambiri. Kugombe kulinso mavoti ambiri. Mapenate akamenyedwa, mbali imodzi ipita kwawo itakwiya, chisankho chili pakhomo. Ashado anaimirira, kugwira chimkuzamawu, n'kunena kuti iwo ndi kholo, ndipo kholo silisankha pakati pa ana ake. Anati kwada, safuna mwana wa munthu athyoke mwendo mumdima. Fainolo idzabwerezedwa chisankho chikadutsa, pabwalo latsopano la magetsi limene iwo adzamange akangolowa kunyumba ya malamulo. Chikho akachisunga okha kuti chisachite fumbi.

Ndipo tinaomba m'manja! Anthu ife tili ndi matenda, munthu akangolankhula pachimkuzamawu manja amayamba okha. Amayi a zitenje analulutira, mnyamata wa ashado ananyamula chikho ngati mwana wodwala n'kukachilowetsa m'galimoto. Achimwene anatsala ataima pamzere paja mpaka woyimbira anachita kuwauza kuti mpira watha.

Usiku umenewo maboti anabwera odzaza mpaka m'milomo. Usipa unali wochuluka moti ngakhale munthu woyatsa muuni wa udzu akanaoneka katswiri, ndiye mlamu uja anatamandidwa kuti ali ndi dzanja. Achimwene atapita m'mawa mwake, mwini chilimira anawayamikira kwambiri chifukwa cha mmene anagwirira pagolo, anati wamva kuti anachita zodabwitsa, kenako anawauza kuti mawu ndi mawu. Maboti ena onse anali ndi asiginala awo. Munthu amene ankalamula ulendo panyanja anayamba kusoka maukonde a anzake pansi pa mtengo ndi kunyamulira amalonda madengu. Alamu anga anayamba kukazinga zitumbuwa. Mwana wawo wamkulu anasiya sukulu ya kuboma n'kubwerera ya pamudzi.

Ashado aja anagwa chisankho, kugwa kwake kochititsa manyazi. A Dwangwa sanawavotere chifukwa anawamana chikho, ife sitinawavotere pa chifukwa chomwecho. Galimoto lija silinaonekenso pamsewu wathu. Anthu anaseka, anaiwala, anayamba kudikira ashado ena. Amene sanaiwale ndi achimwene. Madzulo aliwonse ankapita kubwalo kukadziponya pansi, ndipo wina akawafunsa kuti mudzapuma liti ankayankha kuti munthu sapuma fainolo ili m'kati. Poyamba anthu ankaseka nawo, kenako anayamba kuwaseka. Mawondo anafika poti akakhala pansi ankadzuka mogwira khoma. Zinkandipweteka kuwaona.

Patapita zaka ndithu, ndikugulitsa usipa kumsika wa paboma, ndinamva kuti ashado aja anabwerera kuchokera kutauni zinthu zitawavuta, ndipo akukhala kuseri kwa msika komweko. Ndinalakwitsa kuwauza achimwene. M'mawa mwake anandipeza atavala malaya awo a Ijumaa opitira kumzikiti, akuti ndiwaperekeze. Tinakwera minibasi.

Tinawapeza atakhala pakhonde, atavala kabudula, thupi lija litaphwa. Anatilandira bwino, mwina ankayesa kuti tabwera kudzawapempha kuti aimenso. Achimwene anafotokoza mwaulemu kuti ndi goloboyi wa kugombe uja. Bambowo anakwinya pamphumi, nafunsa ngati tikunena chikho cha mpira wa miyendo kapena cha ntchemberembaye, poti chaka chimenecho anagula zingapo. Atakumbutsidwa za mapenate anaseka mpaka kutsokomola. Achimwene sanaseke. Anati sakupempha bwalo la magetsi, sakupempha mphoto, akungopempha kuti bwanawo atchule tsiku, abwere ndi chikho, mapenate okhawo amenyedwe. Za a Dwangwa, achimwenewo adzawafunafuna okha.

Bambowo anaitana akazi awo. Mayiwo analowa m'nyumba, tinamva akukhuthula zinthu, ndipo anatuluka ndi chikho chija akuchigwedeza kuti zotsalira zigwe. Ankasungiramo zopanira zovala. Golide wake anali atasupuka, khutu limodzi litapindika. Anachiika patsogolo pa achimwene.

"Tengani, akulu," anatero bambowo. "Mwawina ndinu. Chikungotidyera malo m'nyumba muno."

Ndinati tsopano zatha, munthuyu anyamule chinthu chake, tikwere nacho minibasi, akachikweze pamudzi anthu aone, apume. Ndinawagunda ndi chigongono. Achimwene anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabweza manja awo kumbuyo ngati mwana woopa kukhudza mbale ya alendo.

"Pepani bwana, ife sitinawine. Mapenate sanamenyedwe."

Bambowo anawakakamiza, akazi awo anawakakamiza, ine ndinachita kuwatsina. Anakana. Anathokoza chifukwa cha mipando, anatsanzika, tinatuluka. Tikufika pageti ndinacheuka, ndinaona mayi aja akutolera zopanira zawo kubwezera momwe zinali.

M'minibasi ndinawakalipira osasamala kuti anthu akumva. Ndinati anataya nyali chifukwa cha chikho, mwana anasiya sukulu chifukwa cha chikho, lero chikho chabwera chokha m'manja akuchikana, kodi ufiti umaposa pamenepa? Iwo ankangoyang'ana pawindo, dzanja lili pabondo lotupa lija. Nditatopa ndinawaleka. Titayandikira posikira anandigwira pamkono.

"Chemwali, iwe umayenda m'misika. Ukadzapita ku Dwangwa udzandifunsireko kumene anasamukira kaputeni wa timu ya odula nzimbe ija."

Ndinawauza kuti ndidzafunsa.